Chuma cha M'mutu Chimapita ndi Mwini Wake



Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri a ife tachiona ndi maso athu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Chipoka, kwa Maganga, ku Senga Bay, ku Lifuwu mpaka ku Chikombe. Bambo wolimbikira ntchito, mwini boti, injini ndi chilimira, watisiya. Tamusambitsa, tamuswalira, tamuika m'manda. Patapita masiku owerengeka abale akhala pansi kuti aone zimene wasiya, ndipo apa mpamene pamayambira maliro achiwiri.

Wogulitsa mafuta akuti malemu anatenga zigubu zitatu za petulo pangongole. Mayi wina wogula usipa akuti anaperekeratu ndalama kuti azipatsidwa nsomba poyambirira. Alovi akuti sanalandire gawo lawo la maulendo awiri omaliza. Mchimwene wa malemu akuti injiniyo anachita kusonkherana. Mayi wamasiye akudziwa kuti ku Lilongwe kuli anthu amene anatenga nsomba osalipira, koma sakudziwa maina awo ngakhale kuchuluka kwa ndalamazo. Palibe pepala lililonse loti asonyeze. Chaka chisanathe injini yagulitsidwa, chilimira chadyedwa ndi makoswe, boti likuwola pamchenga, ndipo ana amene ankadya katatu patsiku asiya sukulu.

Bambo ameneyu sanali waulesi, sanalinso wakuba. Vuto lake linali limodzi: bizinesi yonse ankaisunga m'mutu mwake ndi m'thumba la malaya ake. Iye yekha ndiye ankadziwa mitengo, ogula, angongole ndi kagawidwe ka ndalama. Bizinesi yotere singakule kupitirira mphamvu za mwini wake, ndipo tsiku limene iye wadwala nayonso imagona. M'nkhani ino tikufuna tikambirane za dongosolo, ndiye kuti njira zochitira zinthu zimene zimabwerezedwa chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, zodziwika kwa onse a pabanja, kotero kuti ntchito imayenda mwini wake alipo kapena palibe.

Phunziro la ku Mbenji

Sitikufunika kupita kunja kukafuna chitsanzo. Tili nacho konkuno ku Salima, pa chilumba cha Mbenji, moyang'anizana ndi gombe la Chikombe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa a Msosa, umene lero timaudziwa ndi dzina lakuti Makanjira, unakhazikitsa malamulo a kaphedwe ka nsomba pa chilumbachi. Mvula ikayamba, m'mwezi wa Disembala, usodzi umatsekedwa ndipo asodzi onse amachoka pachilumba. Amakatsegulanso mu Epulo pa mwambo umene pamafika mafumu, asodzi ndi akuluakulu a boma. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga. Akazi nawonso saloledwa kupitako, amagulira nsomba kumtunda. Pali komiti imene imayang'anira zonsezi, ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa.

Taganizirani zaka zimene zapitapo. Atsamunda anachoka mu 1964. Boma la chipani chimodzi linatha mu 1994. Ku nyanja ya Malombe chambo chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa chopha mosasamala, mpaka boma linayamba kukhazikitsa makomiti a m'madoko mu 1993 ndipo mu 1997 linakonza lamulo latsopano la za nsomba lopatsa anthu a m'midzi mphamvu zoyang'anira nawo nyanja. M'zaka zonsezi ku Mbenji akhala akutseka ndi kutsegula pa nthawi yake, ndipo asodzi ochokera kutali amabwerabe chaka ndi chaka kudzafuna utaka wa kumeneko.

Chimene chasunga Mbenji ndi malamulo ochepa, odziwika kwa aliyense, osasintha chifukwa cha nkhope ya munthu, ndiponso okhala ndi anthu owalondoloza. Amene anawayambitsa ambiri anamwalira kale koma dongosolo lawo likugwirabe ntchito. Funso lathu nali: ngati chilumba chathunthu chingayende chonchi kwa zaka zoposa 60, chingalepheretse nchiyani boti limodzi, thandala limodzi kapena okala imodzi ya pakhomo pathu?

Kope ndi cholembera

Poyambira pake ndi kulemba. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka ndi ya 282 m'Surah Al-Baqarah, ndipo nkhani yake ndi ya ngongole. Allah akutilamula kuti tikakongozana kwa nthawi yodziwika tizilemba, pakhale mboni, ndipo tisanyozere kulemba ngakhale ngongoleyo ikhale yaing'ono. Ambiri a ife timaiwerenga ayah imeneyi m'mwezi wa Ramadhan, koma tikafika padoko timangoti "tikudziwana". Kudziwanako ndi kumene kwadanitsa mabanja ambiri.

Kope la ana asukulu ndi cholembera nzokwanira. Tsiku lililonse likhale ndi mzere wake. Mwini chilimira alembe tsiku, malita a petulo amene athiridwa, ndowa za nsomba zimene zatuluka, mtengo wa ndowa imodzi, ndalama zonse, gawo la alovi ndi zotsala. Mayi wa geni ya nsomba alembe ndowa zimene wapikula ndi mtengo wake, nkhuni, mchere, olipidwa poyanika, matumba, galimoto, chiphaso cha msika, chakudya ndi malo ogona paulendo, kenako ndalama zimene wabwera nazo. Kumapeto kwa kope kukhale masamba awiri: lina la amene tili nawo ngongole, lina la amene ali ndi ngongole kwa ife, aliyense ndi dzina, tsiku, ndalama, tsiku lobweza ndi mboni.

Ena anena kuti sadziwa kulemba. Pakhomo pali mwana wa Sitandade 6 kapena wa ku madrassa amene angalembe inu mukumuuza. Ayah yomweyi ikunena za mlembi wolembera anthu mwachilungamo, kusonyeza kuti kusadziwa kulemba sikutichotsera udindo. Ena amati mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba ndi okwanira. Amathandizadi ngati umboni, koma foni imagwera m'madzi, imabedwa, ndipo uthengawo sunena kuti ndalamayo inali ya chiyani. Zimene zadutsa pafoni zilowenso m'kope tsiku lomwelo.

Tiyerekeze, ndi manambala ongopeka, kuti mayi wapikula usipa wa K200,000 ndipo wakagulitsa ku Lilongwe pa K290,000. Pobwerera mumtima akuti wapindula K90,000. Koma akalemba kuti oyanika anatenga K10,000, matumba K6,000, galimoto kupita ndi kubwera K35,000, msika ndi wonyamula K6,000, chakudya ndi kogona K13,000, aona kuti phindu lenileni ndi K20,000. Ngati pakhomo wagwiritsa ntchito K60,000 poganiza kuti ndi phindu, ndiye kuti wadya K40,000 ya mpamba osadziwa. Akatero maulendo asanu mpamba wonse watha, ndipo ayamba kuganizira anansi kuti amuchita chipongwe. Kope likanamuchenjeza pa ulendo woyamba.

Matumba atatu

Akuluakulu anati ndidyeretu chire anasowa mbewu. Mpamba ndiyo mbewu ya bizinesi. Choncho ndalama zikalowa zigawidwe patatu tsiku lomwelo, zisanagone m'thumba limodzi. Thumba loyamba ndi la mpamba, ndipo silikhudzidwa ndi wina aliyense, ngakhale mwini wake. Lachiwiri ndi la pakhomo. Mwini bizinesi adziikire malipiro odziwika pa sabata kapena pa mwezi monga amalipirira wantchito, ndipo banja lizidya pamenepo. Lachitatu ndi la zogwa: kukonzetsa injini, kusoka ukonde, kumata boti, kugula batire latsopano la magetsi owalitsira usiku.

Injini imawonongeka ndithu, ngakhale tisadziwe tsiku lake. Amene amapatula kangachepe pa ulendo uliwonse, tsikulo likafika amangotenga m'thumba lachitatu. Amene sapatula amathamangira kwa akatapila, ndipo apa vuto la ndalama limasanduka vuto la chipembedzo, pakuti riba ndi haraam kwa wolandira ndi wopereka yemwe. Tichenjerenso ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama amene amaika chiwongoladzanja. Chipereganyu chimene aliyense amasonkha mofanana nalandira mofanana pa nthawi yake chilibe vuto limeneli, bola nacho chilembedwe.

Nanga za achibale opempha, za maliro ndi za ukwati? Kuthandiza abale ndi sadaka yaikulu ndipo sitikuletsa. Koma thandizo lichokere m'thumba la pakhomo. Tikatapa mpamba, chaka chamawa tidzakhala tilibe chothandizira ngakhale mmodzi.

Pali chinthu chinanso chimene zaka zatiphunzitsa. Kwacha inasiyidwa kuti iziyenda yokha pamsika mu Febuluwale 1994, inagwetsedwa kwambiri mu Meyi 2012, kenako ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi iliyonse mitengo ya petulo, maukonde ndi zipangizo za injini inakwera. Munthu angathe kuona ndalama zikuchuluka m'manja pamene chuma chake chikuchepa. Choncho mpamba wanu muziuwerenga ndi katundu. Dzifunseni kuti: chaka chatha ndalama zanga zinkagula ndowa zingati za usipa, kapena malita angati a petulo, nanga lero zikugula zingati? Ngati ndowa zachepa, bizinesi yabwerera m'mbuyo ngakhale makwacha achuluke.

Muyezo umodzi, kakonzedwe kamodzi

Surah ya 83, Al-Mutaffifin, inatchedwa dzina la anthu ochepetsa muyezo, amene pogula amafuna zodzaza koma pogulitsa amapungula. Tonse tikuidziwa ndowa yophwanyidwa pansi, beseni logulira losiyana ndi logulitsira, ndi mulu wokhala ndi usipa waukulu pamwamba, bonya pansi. M'Hadith yolandiridwa ndi Imam Muslim timamva kuti Mtumiki Muhammad (SAW) anapisa dzanja m'mulu wa chakudya chogulitsa napeza kuti pansi pake nchonyowa, ndipo anamudzudzula wogulitsayo kuti chinyengo si chikhalidwe cha Msilamu.

Muyezo wolungama ndi lamulo la Allah, komanso ndi njira yokulitsira malonda. Wogula wa ku Lilongwe, ku Mponela kapena ku Mchinji akadziwa kuti thumba lochokera kwa inu limakhala chimodzimodzi nthawi zonse, sadzafunanso kulikhuthula kuti aone pansi. Adzangoimba foni, natumiza ndalama, inu nkukweza katundu pagalimoto. Pamenepo mwapulumutsa ndalama za ulendo wa makilomita pafupifupi 100 wodzera ku Mvera ndi ku Chezi, ndiponso masiku awiri kapena atatu amene mukanakhala kutali ndi ana.

Kuti katundu akhale wofanana, kakonzedwe kake kakhale kofanana. Gwirizanani pabanja ndi antchito anu za njira imodzi, ndipo aliyense aitsate. Nsomba zitsukidwe ndi madzi oyera zikangotsika m'boti. Ziyanikidwe pathandala, zisakhudze mchenga, ndipo zisaunjikane. Usipa wofutsa ukhale pawokha, wouma padzuwa pawokha, wowamba pawokha. Zazikulu zisiyanitsidwe ndi zazing'ono. Zisalowe m'thumba zisanaumitsitse, chifukwa chinyezi chimabweretsa nkhungu ndi kufumbwa. Thumba lililonse lilembedwe tsiku, kuti zoyamba kuuma zikhale zoyamba kugulitsidwa. Ndipo mankhwala ophera tizilombo a kumunda kapena osungira chimanga asayandikire nsomba zimene anthu akadye. Kumeneko nkuika miyoyo ya anzathu pachiswe, ndipo tidzakayankha.

M'nyengo ya dzinja nsomba zambiri zimawonongeka pathandala chifukwa cha mvula ndi ntchentche. M'madoko ena a ku Salima ndi ku Mangochi anamanga matenti a pulasitiki oumitsira nsomba ndi kutentha kwa dzuwa. Kumene alipo, ndi bwino kulowa m'gulu lowagwiritsa ntchito. Kumene kulibe, chinsalu cha pulasitiki chikhale pafupi ndi thandala, ndipo padziwike munthu amene ntchito yake ndi kuvundikira mitambo ikada. Ntchito ya aliyense imakhala ntchito yopanda mwini.

Nkhanga zinapangana kusanapse

Mikangano yambiri ya padoko imabuka chifukwa anthu amakambirana za kagawidwe ndalama zili kale pamphasa. M'madoko ambiri chizolowezi nchakuti amayamba achotsa ndalama za mafuta, zotsalazo nkugawana pakati pa mwini zipangizo ndi alovi. Koma nanga usiku umene boti labwera lopanda kanthu, mafutawo alipira ndani? Ukonde ukang'ambika pamwala? Siginala alandira zingati kuposa anzake? Nsomba za ndiwo aliyense atenga zochuluka bwanji? Zonsezi zikambidwe nyengo isanayambe, pamaso pa mboni, zilembedwe patsamba loyamba la kope, ndipo aliyense watsopano awerengeredwe asanakwere boti. Malipiro aperekedwe pa nthawi imene munagwirizana. Chisilamu chimatilimbikitsa kumulipira wantchito mwachangu, ndipo mlovi wolipidwa bwino sathawira kwa mnzanu pakati pa nyengo.

Chimodzimodzi ndi amayi amene amaperekeratu ndalama kwa eni maboti. Mtumiki (SAW) atafika ku Madina anapeza anthu akulipiriratu zipatso za tende zisanakolodwe, ndipo analamula kuti malonda otere akhale ndi muyezo wodziwika ndi nthawi yodziwika. Ma ulama amatiphunzitsanso kuti kugulitsa nsomba zimene zikadali m'madzi nkosaloledwa chifukwa palibe akudziwa chimene chidzatuluke. Choncho mawu akuti "tengani iyi, tidzaonana zikaphedwa" ndi osakwanira. Panganani mtundu wa nsomba, ndowa zingati, ndi tsiku, ndipo pamene mukukayika funsani a Shehe a pamzikiti wanu. Pangano lomveka limatetezanso ulemu wa mayi. Tikudziwa zimene zimachitika m'madoko ena nsomba zikachepa, pamene amuna osaopa Allah amafuna zina zoposa ndalama. Mayi wokhala ndi pangano lolembedwa, mboni zake ndi anzake a pagulu sakhala pa chifundo cha munthu wotere.

Abale akasonkherana kugula injini kapena boti, alembe kuti uyu waponya zakuti, uyu zakuti, ndipo phindu lidzagawidwa motani. Ngati wina wapereka mpamba ndipo wina akugwira ntchito, Chisilamu chili ndi njira yake yotchedwa mudharaba. Phindu limagawidwa monga mwa magawo amene anagwirizana pachiyambi, monga theka ndi theka. Malonda akaluza popanda kunyalanyaza kwa wogwira ntchito, mwini mpamba ndiye amataya ndalama, winayo wataya thukuta lake. Kulemba pakati pa pachibale ena amakuona ngati kukayikirana. Ife tikuti ndi njira yosungira chibalecho, pakuti ana a anthu awiriwa sadzakhala ndi chokanganirana.

Kalendala ya nyanja

Nyanja ili ndi nyengo zake ndipo sizibisika. Mwera umawomba kwambiri kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo pamakhala masiku amene boti silingatuluke. Usipa umaphedwa bwino nthawi ya mdima, mwezi ukawala umavuta kuukopa ndi nyali. Boma limatseka usodzi wa makoka ena kuyambira pa 1 Novembala kuti chambo chiswane. Mbenji amatseka m'dzinja. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, pamene chimanga chimakwera mtengo. Fizi ya ana, Ramadhan ndi ma Eid awiri zimabweranso chaka chilichonse. Komabe chaka ndi chaka timadzidzimuka ngati kuti ndi zachilendo.

M'Surah Yusuf timawerenga za Mneneri amene analangiza mfumu ya ku Iguputo kusunga chakudya cha zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu kuti chidzathandize m'zaka zisanu ndi ziwiri za chilala. Ifenso titenge tsamba limodzi la kope, tilembe miyezi yonse 12, ndipo pa mwezi uliwonse tilembe zimene zimachitika ndi zimene tidzachite. Miyezi yotseka ikhale yokonza boti, kusoka maukonde ndi kulima. Ambiri a ife ku Lifuwu ndi m'madambo ena tili ndi minda ya mpunga, ndipo mpunga wogulidwa kapena kusungidwa nthawi yokolola ungathe kugwirizira banja nsomba zikasowa. Injini ithiridwe oyilo ndi kuonedwa ndi makaniko pa masiku oikika, isanafe pakati pa nyanja usiku ndi ana a eni ake m'boti.

M'kalendala imeneyi Swala ikhale ndi malo ake. Surah Al-Jumu'ah ikutilamula kusiya malonda adhana ya Lachisanu ikamveka. Amene wakonza sabata yake bwino amadziwiratu kuti katundu akwera Lachinayi kapena Loweruka, ndipo ogula ake amazolowera. Bizinesi yopanda dongosolo ndi imene imamulanda munthu Swala, chifukwa nthawi zonse amakhala akuzimitsa moto.

Phunzitsani wina

Mayi wa okhulupirira, Khadija (RA), anali wamalonda wolemera ku Makka. Sankayenda yekha ndi ngamira zake. Ankasankha anthu okhulupirika nawatuma ndi katundu wake, ndipo umu ndi mmene anamutumira Muhammad (SAW) ku Shaam pamodzi ndi mnyamata wake Maisara, utumiki usanabwere. Malonda ake anakula chifukwa anadziwa kusankha munthu, kumupatsa udindo ndi kulandira malipoti.

Ambiri a ife timaopa kuuza akazi athu kapena amuna athu za ndalama. Ena amati mkazi akadziwa adzawononga, ena amati mwamuna akadziwa adzalanda. Chisilamu chimavomereza kuti chuma cha mkazi ndi chake ndipo cha mwamuna ndi chake, koma kubisirana mpaka imfa kumavulaza ana. Pakhale munthu mmodzi wamkulu pabanja amene akudziwa pamene kope limakhala, maina a ogula ndi manambala awo, ndi kumene ndalama zimasungidwa. Mwana wamkulu, wamwamuna kapena wamkazi, aphunzitsidwe ntchito imodzi imodzi pa nthawi ya tchuthi: lero kulemba, mawa kuyeza, mkuja kulankhula ndi wogula. Koma sukulu ndi madrassa zisasiyidwe chifukwa cha nsomba. Mwana wodziwa masamu ndi amene adzakulitse zimene inu munayamba.

Kupatsa munthu udindo kuyende pamodzi ndi kuwerengera. Wogwira ndalama asakhale yemweyo wolemba m'kope. Madzulo alionse, kapena pa tsiku limodzi loikika pa sabata, awiriwo akhale pansi ndi mwini wake, ndalama za m'manja zifanane ndi za m'kope. Zikasiyana, zifufuzidwe tsiku lomwelo nkhani ikadali yaing'ono. Kumeneku nkumuteteza munthu wokhulupirika ku mayesero ndi ku miseche.

Kenako dziyeseni. Khalani sabata imodzi osapita kudoko kapena ku okala. Pobwerera onani chimene chasokonekera. Ngati anyamata sanadziwe kogula mafuta, lembani. Ngati anakongoza munthu wosayenera, ikani lamulo la amene angakongozedwe ndi malire ake. Chilichonse chimene chalakwika chikusonyezani pamene dongosolo lanu lili ndi chiboo. Amene akulakalaka kudzapita ku Hajj, Insha Allah, ayambiretu kuyesa zimenezi, chifukwa kumeneko adzakhala milungu ingapo.

Tsiku la Zakaat

Kamodzi pa chaka Msilamu wamalonda amayenera kuwerengera chuma chake chonse. Sankhani tsiku limodzi pa kalendala ya Chisilamu, lisamasinthe. Patsikulo phatikizani ndalama za m'manja, za kubanki ndi za pafoni, mtengo wa katundu yense wogulitsa amene alipo, ndi ngongole zimene muli ndi chiyembekezo kuti zibwezedwa. Chotsanipo ngongole zanu zoyenera kubwezedwa. Ngati zotsalazo zafika pa nisaab, imene ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva, ndipo chaka chazungulira, Zakaat yake ndi 2.5 peresenti, ndiye kuti K25 pa K1,000 iliyonse. Boti, injini, maukonde ndi mathandala ndi zipangizo zogwirira ntchito, sizilowa m'chiwerengerochi. A Shehe angakuthandizeni kudziwa nisaab ya chaka chimenecho m'makwacha.

Munthu wopanda kope angawerengere bwanji zimenezi? Amangoponya mwa mwayi, kapena sapereka nkomwe. Apa tikuona kuti nsanamira ya chipembedzo chathu ikudalira kalembedwe kabwino. Ndipo tsiku lomweli limakuuzani zoona za bizinesi yanu, chifukwa mukafananiza ndi chaka chatha mudziwa ngati mwakwera kapena mwatsika.

Patsiku lomwelo onaninso tsamba la ngongole ndi wasiya wanu. Surah An-Nisa ikunena momveka kuti chuma cha masiye chimagawidwa pambuyo pobweza ngongole ndi kukwaniritsa wasiya. Tikasiya zolemba zomveka timapeputsa ntchito ya otsala, timatseka pakamwa pa onama, ndipo timadzipulumutsa tokha ku ngongole yotitsatira kumanda.

Kukula kubwere pambuyo

Tikapeza phindu kawiri katatu, mtima umathamangira boti lachiwiri, njinga yamoto ya kabaza, okala ndi chigayo nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Boti lachiwiri m'manja mwa munthu wopanda dongosolo limangochulukitsa chisokonezo kawiri. Koma amene wayendetsa boti limodzi chaka chathunthu ndi kope, matumba atatu, muyezo umodzi, mapangano olembedwa ndi wothandiza wophunzitsidwa, akagula lachiwiri amangogula kope lachiwiri nabwereza zomwezo. Mayi amene wakhazikika ndi ogula awiri okhulupirika ku Lilongwe angathe kuwonjezera wachitatu ku Kasungu popanda kusintha kanthu pa kakonzedwe kake.

Rizq imachokera kwa Allah, ndipo palibe kope limene lingaitane nsomba kulowa mu ukonde. Koma zimene watipatsa ndi amana, ndipo tidzafunsidwa mmene tinazipezera ndi mmene tinazigwiritsira ntchito. Pempho lathu kwa banja lililonse lowerenga magazini ino ndi laling'ono. Sabata ino gulani kope limodzi. Mukaswali Isha, khalani pansi bambo, mayi ndi mwana wodziwa kulemba, ndipo muyambe ndi masamba awiri aja a ngongole. Zinazo zidzatsatira mwezi ndi mwezi.

Tikupempha Allah kuti adalitse ntchito za manja athu, ateteze abale athu amene amagona panyanja, atitalikitse ku riba ndi ku chinyengo, ndipo asunge ana athu ife tikadzapita. Ameen.